Kaliwo wa Agogo ndi Mnyamata Wofuna Kuyamba Kusuta

Atsogoleri ena a makalasi a kuwerenga ndi kulemba kuno ku Insaca ndi m'midzi yozungulira atiuza kuti nkhani ya kaliwo yayamba kulowa m'kalasi. Oibweretsa si nkhalamba ayi. Ndi anyamata amene aona pa foni zithunzi za amuna a maiko akutali, ovala jekete, atakhala pa mpando wandalema kaliwo ali kukamwa, ndipo amva kuti kumeneko kusuta kaliwo ndi luso limene munthu amacita kuphunzira kuti azisangalala nalo madzulo, monga ena amaphunzirira bawo. Tsono mnyamata amafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ine nditayamba kaliwo pali covuta? Si ndudu imeneyi. Utsi wake sumeza. Agogo anga ankasuta mpaka mutu wonse mbuu, ndipo anamwalira ndi ukalamba basi."

Mtsogoleri akangoyankha kuti, "N'zoipa zimenezo, tiyeni titsegule mabuku," mnyamatayo amakhala cete, koma mumtima amati aphunzitsi asowa conena. Ndipotu m'mawu ake muli zoona zina. Kaliwo ndi wathu ndithu, ali ndi mbiri yaitali m'dziko lino, ndipo agogo ambiri anamsutadi. Cimene mnyamatayo sanacimve ndi cakuti kaliwo wa agogo ndi kaliwo wa pa foni ndi zinthu ziwiri zosiyana, zongofanana pa cimene utsi umacita m'kamwa ndi m'cifuwa. Talemba nkhaniyi kuti inu mukhale ndi pogwira funsoli likakufikani, ndiponso kuti mbiri ya kaliwo ilembedwe eni ake akadali moyo.

Fodya ndi mlendo

Ambiri timaganiza kuti fodya ndi mbewu ya makolo monga mapira ndi mawere. Sizili conco. Fodya anabwera njira imodzi ndi cimanga, cinangwa ndi mtedza, ndipo kwawo ndi ku America. Anthu a ku Ulaya anamuona koyamba m'caka ca 1492, pamene amalinyero a Columbus anapeza anthu a pa cilumba ca Cuba akuyatsa masamba okulunga ndi kukoka utsi wake. Ca m'ma 1560 kazembe wa dziko la France ku Lisboa, dzina lake Jean Nicot, anatumiza fodya kunyumba ya mfumu ya kwawo namutama kuti ndi mankhwala. Poizoni wa m'fodya amene madokotala amamucha nikotini anatenga dzina la munthu ameneyu. Zombo za amalonda, makamaka za Apwitikizi, ndizo zinafikitsa mbewuyi pa magombe a Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600, ndipo kucokera pamenepo inayenda yokha, dzanja ndi dzanja, mudzi ndi mudzi.

Dzina lenilenilo likucitira umboni. Akatswiri a zilankhulo ambiri amati "fodya" anacokera ku liwu la Cipwitikizi lakuti folha, ndiye kuti tsamba. Asena ndi Ashona nawonso amati fodya, ndipo onsewa ndi anthu amene ankagulana ndi Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Anansi athu Ayao amati sona, Aswahili a kugombe amati tumbako. Mukafunsa m'kalasi mwanu, mmene muli olankhula Cinyanja, Ciyao, Cimakhuwa ndi Cilomwe, mudzapeza maina angapo a tsamba limodzi lomweli.

Koma kusuta m'cipangizo coumba kunalipo mu Africa fodya asanafike. Ofukula zakale anapeza mitu ya makaliwo adongo m'phanga lina lochedwa Lalibela ku Ethiopia, ya zaka za m'ma 1300, ndipo zotsalira za mkati mwake zinali za camba. Kwathu kunonso akulu amadziwa za cipanda cokhala ndi madzi cimene utsi unkadutsamo usanafike kukamwa, ndipo kawirikawiri cinali ca camba, cimene ena amacichula mozembayitsa kuti "fodya wamkulu". Cimeneco malamulo a dziko lino amaciletsa, ndipo m'nkhani ino tikunena za fodya wamba yekha. Tangocichula kuti mnyamata wina wocenjera asakusokonezeni posakaniza ziwirizi.

Pofika zaka za m'ma 1800 fodya anali atakhazikika kale m'dera lathu. Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anatumikira ku Unangu kuno ku Niassa, analemba m'buku lake la mbiri ya Ayao la 1919 kuti fodya ndi makasu zinali pakati pa katundu amene Ayao oyambirira ankapita naye kugombe kukasinthana ndi nsalu ndi mikanda. David Livingstone anafika pa nyanja ya Chirua, imene anzathu a tsidya lija amati Chilwa, m'mwezi wa Epulo 1859, ndipo m'buku lake la 1865 anachula fodya pakati pa mbewu zimene Amang'anja ankalima pamodzi ndi thonje, mapira ndi maungu.

Kaliwo wa kumudzi

Tiyeni tsopano timuone kaliwo mwiniwake monga analili m'manja mwa agogo. Mutu wake unkaumbidwa ndi dongo lomwe lija la miphika. Woumba ankapanga kambiya kakang'ono ngati cala cacikulu ca kumanja, n'kuboola m'mbali ndi kamtengo dongo likadali lofewa, n'kulemba timizere tokongoletsa, kenaka n'kuumitsa pamthunzi masiku angapo asanawoche pamoto. Akafulumira kuwocha, kamutuko kankang'aluka. Pa bowo la m'mbali lija ankalowetsapo kabango kokokera utsi, ndipo bango m'madambo a Chirua ndi Chiuta silisowa. Kabangoko kakapsa kapena kutsekeka ankangokataya n'kudula kena. Ena ankasema kaliwo wa mtengo wolimba, ndipo wa paulendo amene waiwala wake ankafukula citsononkho ca cimanga n'kusuta tsiku limenelo, mawa n'kutaya.

Fodya wake sanali wa munda wonse. Anali mitengo yowerengeka kuseri kwa nyumba, pa culu, kapena pamene panali khola la mbuzi kale. Masamba akakhwima ankawayanika pansi pa denga, kenaka n'kuwapota ngati cingwe kapena kuwaumba ngati mpira kuti asungike. Cingweco cinkayenera kufika caka camawa, cotero mwini wake ankabenthula pang'onopang'ono monga timacitira ndi mcere wa mwezi wa njala. Fodya waukali uja wochedwa labu amayi ankamukazinga pa phale, n'kumusinja, n'kudonthezamo cidulo kuti akhale wofwenkha. Sungani m'mutu nkhani ya cidulo imeneyi, tibwereranso kwa iyo. Amayi ambiri acikulire anali ofwenkha kapena oika fodya kuseri kwa mlomo, koma osuta kaliwo analiponso, ndipo mpaka lero mumatha kuona gogo wina akusuta fodya wokulunga moto uli mkati mwa kamwa.

Cinthu cina cimene anyamata a lero saciganizira ndi moto. Macesi kunalibe. Wofuna kusuta ankayenera kukhala pafupi ndi moto, kutola khala ndi timitengo tiwiri, kapenanso ndi zala zake zolimba ndi khasu, n'kuliika pamwamba pa fodya. Conco kaliwo anali wa pabwalo, wa pamphala, wa pamaliro usiku, wa pamlandu pamene akulu akudikira mboni. Asodzi a pa nyanja ankanyamula makala m'phale m'bwato cifukwa ca mphepo ya usiku ndi udzudzu. Munthu sankayenda njira yonse utsi uli fuu ayi, ankayamba wakhala pansi.

Panalinso malamulo ake osalembedwa. Mwana ankatumidwa kukapala moto, koma kaliwo sankamulawa. Mnyamata wosakwatira akaoneka akusuta pamaso pa akulu ankayesedwa wamwano, ndipo mkamwini waulemu sankafukiza utsi apongozi ali pomwepo. Komanso fodya anali ciyambi ca ubale. Mlendo wodutsa akati, "Tigawireniko fodya, wawa," kunali kupempha malo pa mphasa, ndipo kumumana cinali cinthu camanyazi. Kaliwo mmodzi ankazungulira anthu anayi kapena asanu, aliyense n'kupukuta kabango ndi cikhato asanapatse mnzake. M'mabanja ena ankathira fodya pang'ono pansi pokumbukira makolo. Ndipo cilankhulo cathu cinasunga zonsezi. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo, unabadwira pa kufwenkha. Tikamati nkhani ina "n'zafodya" tikunena kuti ndi yacabecabe, ndipo ife tikuona kuti mawuwa akucokera ku nthawi imene kafodya ka pacala kanali cinthu copatsana ulere.

Mukaziika pamodzi zonsezi muona kuti kusuta kwa agogo kunali ndi mpanda mbali zonse: kamutu kakang'ono, fodya wosowa, moto wa pamalo amodzi, ndi msinkhu woyenera kudikira. Ambiri ankayamba ali kale ndi ana.

Kaliwo wa m'sitolo

Kaliwo wa pa foni uja ali ndi mbiri ina, ngakhale kuti nayonso inadutsa pakhomo pathu. Tsidya lija la malire, Mskochi wina dzina lake John Buchanan anayamba kulima fodya wa malonda m'mapiri a Shire m'caka ca 1889, ndipo mu 1893 fodya woyamba anatumizidwa kunja. Mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Minda ya azungu inafuna manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo anacokera mbali ino. Alomwe ndi anthu ena othawa msonkho ndi cibalo m'dziko la Apwitikizi ankaoloka ca ku Mulanje ndi m'mbali mwa Chirua, n'kukapatsidwa malo pa minda ya azungu, koma malowo ankawalipira ndi thangata. Madandaulo a thangata ndiwo ena mwa amene anautsa John Chilembwe mu Januwale 1915, pamene anthu ake anathira nkhondo pa munda wa Bruce ku Magomero. Kumpoto kuno nthawi imeneyo kunkalamula kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inasiya ulamuliro mu 1929.

Fodya wakuda wofukiza ndi utsi wa nkhuni, amene timati wa cikopa, wambiri ankapita ku Britain kukakhala fodya wa m'kaliwo. Ndiye kuti bwana wa ku London akamakoka utsi mwakacetecete atatha kudya, tsamba limenelo nthawi zina linali litadutsa m'manja mwa agogo a ophunzira anu, amene analibzala, kulithyola ndi kugona m'cigafa kusonkhezera moto. Kaliwo wa bwanayo anali wosema kucokera ku citsa ca pansi ca citsamba cina comera m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, cimene sicipsa msanga. Tauni ya Saint-Claude ku France inachuka ndi nchito imeneyi kuyambira zaka za m'ma 1850. Pakamwa pake pankakhala mphira wolimba wakuda, ndipo mutu wake unkalowa fodya woculuka kuposa kambiya ka agogo.

Amuna opita kukagwira nchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni ankabwera naye kaliwo wotere pamodzi ndi cipewa, jasi ndi sutikesi. Pamenepo kaliwo anayamba kunena cinthu cina catsopano, cakuti mwini wake wayenda ndipo wagwirapo ndalama. Mnyamata wa lero wosirira cithunzi ca pa foni akusirira cinthu comweco, ulemu wa munthu wopeza bwino. Ulemu wa agogo wa pamphala suli m'maganizo mwake, ngakhale akuchula dzina la agogo pofuna kukugonjetsani.

Kenaka kunabwera macesi ndi ndudu, ndipo kaliwo wa mitundu yonse iwiri anayamba kuzimirira. Wosauka anatembenukira ku cingambwe cokulunga m'khoko la cimanga kapena m'pepala, ndipo inu atsogoleri mukudziwa bwino kumene masamba a kumapeto kwa makope a ophunzira ena amapita! Nkhondo nayo inamaliza zotsala. Anthu ambiri a boma lino anathawira ku Malawi atanyamula ana ndi miphika yocepa, ndipo pobwerera, mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anapeza nyumba zitagwa ndi ziwiya zadongo zitasanduka mapale. Oumba makaliwo ambiri sanayambirenso.

Koma fodya anabwerera, ndipo anabwerera wamphamvu. Mtendere utakhazikika, makampani anayamba kupereka mbewu ndi feteleza pa ngongole kuti alimi a ku Niassa ndi ku Tete alime fodya wa bale, ndipo Mozambique Leaf Tobacco inamanga fakitale yake mumzinda wa Tete. Mabanja ambiri amagula malata ndi kulipira sukulu ndi ndalama imeneyi, ndipo sitikuwanyoza. Tikungonena kuti mnyamata wa lero ali ndi cigafa codzaza masamba kuseri kwa nyumba, macesi m'thumba, ndipo palibe womuuza kuti dikira ukule. Mpanda uja unagwa mbali zonse.

Zimene woyamba kusuta amakumana nazo

Ophunzitsa kaliwo ngati cosangalatsa amanena kuti fodya asatsenderedwe kwambiri, ayatsidwe kawiri, akokedwe pang'onopang'ono, utsi usamezedwe, ndipo kaliwo azitsukidwa. Tazichula kuti mudziwe zimene mnyamata wamva kale. Koma iwo omwe amavomereza kuti woyamba amapsa lilime, amacuca malovu, amamva mutu, cizungulire ndi nseru, ndipo amamulimbikitsa kuti apirire zidzatha. Zimathadi. Koma cizungulire cija ndi thupi likukana poizoni, ndipo cikatha ndiye kuti thupi lagonja. Pamalo pake pamabwera cibaba, ndipo aliyense amene anakhalapo ndi wosuta m'nyumba akudziwa mmene munthu wacibaba amakhalira fodya akatha usiku.

Nanga za "utsi sumeza"? Apa ndi pamene cidulo cija cikutithandiza. Amayi ankathira cidulo m'fodya wofwenkha cifukwa anaona kuti amaluma kwambiri akatero. Cimene cimacitika ndi cakuti madzi a phulusa amamasula nikotini kuti alowe mosavuta m'khungu lofewa la m'mphuno ndi la m'kamwa. Utsi wa fodya wa m'kaliwo uli ndi khalidwe lofanana ndi limeneli, cotero nikotini amalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo ngakhale munthu asameze. Wofwenkha sameza utsi uliwonse, koma cibaba ali naco. Ndiponso munthu amene anazolowera ndudu akasamukira ku kaliwo, kawirikawiri amapitiriza kukokera utsi m'mapapo monga anazolowerera, osazindikira n'komwe.

Utsi umene sunamezedwewo umakhala kuti? Umakhala pa mlomo, pa lilime, m'nkhama ndi pakhosi, ndipo phula lake limasungunuka m'malovu amene munthu amameza. Kale mu 1795 dokotala wa ku Germany, Samuel Thomas von Sömmerring, anaona kuti khansa ya pa mlomo imakonda amuna osuta kaliwo, pamalo pomwe kaliwoyo amakhala. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ku Britain anaonetsa kuti kusuta kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2004 ofufuza a bungwe la American Cancer Society anafalitsa zimene anapeza atatsatira kwa zaka 18 amuna oposa 15,000 osuta kapena amene anasutapo kaliwo yekha. Anapeza kuti amene anali akusutabe ankafa ndi khansa ya m'mapapo pafupifupi kasanu kuposa osasuta, ndipo ankafanso kwambiri ndi khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero, matenda a mtima, sitiroko ndi matenda otseka mpweya m'mapapo.

Tinene cilungamo, pakuti mnyamatayo akadzacipeza yekha adzati munamubisira. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti pa matenda ambiri ndudu ndi yoopsa kuposa kaliwo. Koma mnyamata wathuyu sakucoka ku ndudu ayi, akucoka pa kusasuta. Muyezo wake woyenera ndi iye mwini monga alili lero, wa mapapo oyera. Ndipo akagwidwa ndi cibaba, tsiku limene kaliwo wathyoka kapena wamuiwala kunyumba sadzakana ndudu imene mnzake angamupatse.

Za agogo amene anafika ukalamba akusuta, yankho lili pawiri. Loyamba tanena kale, lakuti iwo ankasuta pang'ono ndipo anayamba mocedwa. Laciwiri ndi lakuti tikuwerenga otsala okha. Agogo amene anafika zaka 90 timawakumbukira cifukwa tinawaona. Anzawo amene anamwalira ali ndi zaka 50 ndi cilonda ca pa mlomo cosapola, kapena amene nsima inayamba kuwatsamwa mpaka kutsala phala, kenaka madzi okha, ambiri a ife sitinawaone, ndipo pamudzi pankamveka kuti awalodza. Khansa ya kum'mero imeneyi ndi yoculuka m'cigawo cino ca Africa, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene ili yambiri pa dziko lonse. Zoiyambitsa zilipo zingapo, koma fodya ndi kacasu zili pakati pake.

Utsi sugwira wosuta yekha. M'nyumba ya cipinda cimodzi mkazi ndi ana amaupuma nawo, pamwamba pa utsi wa nkhuni umene akupuma kale. Kusuta kumafooketsa mapapo kuti cifuwa cacikulu ciwagwire msanga, ndipo kukhala mothithikana usiku wonse ndi munthu wokhosomola, kaliwo akuzungulira, ndi njira yabwino yopatsirana matendawa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni caka ciliconse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi osasuta. Ngakhale tsamba laliwisi lili ndi mphamvu yake. Wothyola fodya wonyowa ndi mame amatha kusanza ndi kumva cizungulire cifukwa nikotini walowa pakhungu, ndipo ana ndiwo amagwidwa msanga.

Ngati m'kalasi mwanu muli wosuta kapena wofwenkha wakale, musamucititse manyazi. Ingomuuzani pambali kuti cilonda ca m'kamwa kapena pa mlomo cosapola masabata atatu, banga loyera pa lilime, mawu osasa nthawi yaitali, kuvutika pomeza, kapena cifuwa copitirira masabata awiri, ndi zinthu zothamangira nazo ku cipatala, ndipo akamutumiza ku Cuamba asazengereze.

Mpingo ndi boma

Wina adzafunsa ngati kusuta ndi chimo. Baibulo silichula fodya, pakuti olemba ake sankamudziwa. Mipingo yakhala ikusiyana pa nkhaniyi. Mu 1642 Papa Urbano VIII analetsa fodya m'machalichi a ku Sevilla, koma wina wa pambuyo pake, Benedikito XIII, anafewetsa malamulo otere m'zaka za m'ma 1720. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amaika fodya pamodzi ndi mowa ndi cakudya pa zinthu zofunika kudziletsa, ndipo kuyambira 2018 ndudu sizigulitsidwanso ku Vatican. A Seventh Day ndi mipingo ina amaletseratu. M'kalasi mwanu muli a mipingo yonseyi ndi Asilamu omwe, cotero ife tikuona kuti mkangano wa chimo ndi wousiyira atsogoleri a mapemphero. Inu gwirani za thupi, za ndalama ndi za mbiri, zimene onse angagwirizanepo.

Boma nalo linalankhula. Lamulo lochedwa Decreto 11/2007 limaletsa kusuta m'malo osonkhana anthu monga sukulu, zipatala ndi galimoto zonyamula anthu, ndiponso kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18. Mozambique inavomereza pangano la WHO locepetsa fodya mu 2017, Malawi mu 2023. Tsiku la 31 Meyi ndilo limene maiko amakumbukira kuipa kwa fodya, ndipo limagwa nthawi imene alimi athu ali pa msika wa fodya yemweyo, ndalama zili m'thumba. Ndi nthawi yabwino yoika phunziroli.

Kaliwo pa bolodi

Liwu lakuti kaliwo ndi mphatso kwa mphunzitsi wa oyamba kumene. Lili ndi maphatikizo atatu osavuta, ka-li-wo. Lembani mabanja ake, ka ke ki ko ku, la le li lo lu, wa we wi wo wu, ndipo alekeni ophunzira apange okha mawu. Mudzamva kale, kalulu, liwu, lawi, wako, kuwala, kulowa, kulawa, kuwawa. Dikirani pang'ono, wina adzapeza kuleka, ndipo kalasi idzaseka yokha osafuna ulaliki wanu. Liwu lakuti fodya lisungireni a gulu laciwiri cifukwa ca dy, ndipo muliike pambali pa kudya ndi ndiwo zodyera kuti maso azolowere.

Cenjerani ndi amene anapitako ku sukulu ya Cipwitikizi kale. Iwo anaphunzira alifabeti ya zilembo 23 yopanda k, w ndi y, cotero dzanja lawo lidzafuna kulemba caliuo. Musawadzudzule, pakuti m'Cipwitikizi alemba bwino. Aonetseni kuti m'Cinyanja c ali ndi nchito ina, ya m'mawu monga cala ndi cimanga. Amene anaphunzira ku Malawi, m'sukulu za kwaca za nthawi ya kuthawa, adzalemba ch pamene ife tikulemba c, ndipo iwonso ndi ongofunika kuwafotokozera kusiyanako kamodzi.

Pa masamu, musabwere ndi mitengo yanu. Afunseni iwo kuti fodya wa tsiku limodzi amagula zingati pa msika wa Insaca kapena wa Entre Lagos, aculukitse ndi 7, kenaka ndi 52, n'kuyerekeza ndi mtengo wa thumba la cimanga mu Januwale. Olima fodya awerengenso nkhuni ndi mitengo ya zigafa imene amadula pa caka.

Ndipo pali nchito imene tikukupemphani makamaka ife a magazini ino. Tumani ophunzira awiriawiri kwa okalamba a m'mudzi, mnyamata wofunsa uja akhale mmodzi wa iwo. Akafunse kuti ndani ankaumba makaliwo, dongo ankalitapa pati, mutu ndi kabango ankazichula bwanji m'cilankhulo ca mudziwo, iwo anayamba kusuta ali ndi zaka zingati ndipo anawaloleza ndani. Asaiwale kufunsa za anzawo amene ankasuta nawo, kuti ali kuti ndipo anadwala ciyani. Funso lotsiriza likhale lakuti, "Agogo, mukadafuna kuti mdzukulu wanu ayambe?" Yankho lililonse lilembedwe monga lanenedwa, ngakhale lisatikomere. Pempho la kufunsa lidzere kwa amfumu, ndipo dzina la wokamba lilembedwe pokhapokha iye atavomera.

Mukapeza kaliwo wakale wadongo, musamutsuke ndipo musamugule mokakamiza. Mujambuleni pa pepala, muyese kutalika kwake ndi rula, mulembe mudzi ndi caka cimene mwini wake akuti anamupeza. Ngati mwini wake alola, pisani kaudzu kouma m'kabango n'kukatulutsa pamaso pa kalasi, kenaka mukapake pa pepala loyera kuti aliyense aone ndi kununkhiza phula lakudalo. Pepalalo mulimate m'kope la kalasi pambali pa cithunzi ca kaliwo, ndipo zimene ophunzira alemba mutitumizire kudzera kwa oyang'anira makalasi a dera lanu mvula isanatseke misewu.